Mawanga pa Kapinga wa Rosemary

Rosemary Daka anakhala zaka naini ku Wusakile, komboni ya ogwira ntchito pamgodi ku Kitwe, osaganizako za udzu, kupatula pouzula. Pakhomo pake panali posesedwa bwino, dothi lofiira lolimba ngati simenti, ndipo kaudzu kakangotulutsa mutu pafupi ndi mpopi ankathana nako tsiku lomwelo. Ndiye mu Ogasiti 1966 mwamuna wake Wilfred anakwezedwa pa ntchito kukhala shifiti bosi pansi pa mgodi, kampani n'kuwapatsa nyumba ku Nkana West, kumene zaka zochepa m'mbuyomo munthu wakuda ankafikako kukagwira ntchito basi. Nyumbayo inali ya zipinda zitatu zogona, mbaula yamagetsi, ndi kapinga woyambira pakhonde mpaka kumsewu.

Pamodzi ndi makiyi, kalaliki wa ku ofesi ya nyumba anawapatsa pepala la malamulo. Wilfred analiwerenga ataimirira m'khitchini, n'kumasulira mkazi wake mzere umene unkanena kuti wokhala m'nyumbamo asamalire kapinga. Kenako anawonjezera zake. Anati azungu a mumsewuwo ankangodikira kuti aone mizere ya chimanga pakhomopo mwezi usanathe, kuti apeze chokamba ku kalabu kwawo, ndipo iye sankafuna kuwapatsa mpata umenewo. Atatero anapinda pepalalo, nkhani ya kapinga n'kuisiya m'manja mwa Rosemary, pakuti iye anali ndi zake zomuzunguza mutu kumgodi.

Mwezi woyamba zinthu zinali bwinobwino. Koma dzuwa la Seputembala litayamba kuswa mtengo, kapingayo anayamba kuyezuka. Sanafe ayi, anangotuwa ngati mwana wosasamba, pamene wa nyumba zoyandikana anali wobiriwirabe. Rosemary ankathirira madzi ndi paipi imene anaipeza m'kanyumba ka kumbuyo, koma sankadziwa kuti athire ochuluka bwanji, kapena kangati. Chimanga ankachidziwa, mpiru ankaudziwa. Mbewu zimenezo zimakuuza zokha zikamafuna kanthu. Udzu uwu sankadziwa kuti ukufuna chiyani.

Lamlungu lina kunabwera Mathias, mng'ono wake wa Wilfred, amene ankayendetsa lole pakati pa Ndola ndi Kitwe. Anayendayenda pakapingapo manja ali m'thumba, n'kugamula kuti udzuwo unali ndi njala. Mlungu wotsatira anatsitsa pageti theka la thumba la feteleza woyera mbee ngati shuga. Anati ndi uja amathira alimi a mafamu akuluakulu pobereketsa chimanga, wamphamvu kuposa onse. Rosemary atafunsa kathiridwe kake, Mathias anati feteleza ndi feteleza, amathira monga mwa nthawi zonse, ndipo analiza lole yake n'kupita.

Monga mwa nthawi zonse, kwa Rosemary, kunali monga anaonera alongo ake akuchita m'munda kwawo ku Katete. Lachiwiri cha m'ma teni koloko, dzuwa lili phwee, anatapira feteleza uja m'beseni, n'kuyamba kuyenda kuchokera pakhonde kulowera kumsewu: phazi limodzi, dzanja limodzi lodzaza, phazi lina, dzanja lina. Atafika kumpanda anatembenuka n'kuyamba mzere wachiwiri. Anagwira ntchitoyo mosamala, mizere yowongoka bwino. Madzi sanathire, poopa kuti angakokolole chakudyacho udzu usanadye.

Lachisanu m'mawa atatsegula chitseko anaima pakhonde nthawi yaitali. Kapinga yense anali mawangamawanga. Mawangawo anali ofiirira, lililonse kukula kwake ngati mbale, atandandalikana m'mizere kuchokera pakhonde mpaka kumsewu. Anatsika n'kugwira limodzi. Udzu unafumbutuka m'zala mwake ngati fodya wouma.

Sizinamufikire msanga kuti mizereyo inali yake. Dzulo lake mphepo inali itatembenuka n'kubweretsa senta, utsi uja wochokera ku chumuni cha mgodi umene umakereketa pakhosi ndi kuwaula masamba. Ku Wusakile senta anamuphera repu ndi matimati kambirimbiri. Choncho anangoti ndi senta, ngakhale kuti mumtima ankadabwa kuti utsi wadziwira kuti kuyenda m'mizere, ndiponso chifukwa chiyani unalumpha mpanda osakhudza kapinga wa nyumba ina.

Anapita kukafunsa kwa Lorna Nkhoma. Lorna anali mkazi wa kalaliki wamkulu wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, a Prezibeteriyani ochokera ku Malawi, ndipo popeza anali atakhala ku Nkana West miyezi isanu ndi umodzi Rosemary asanabwere, ankatengedwa ngati wodziwa za kumeneko. Anabwera atafunda ambulera, anayang'ana mawangawo, n'kunena mosakayika kuti si senta, ndi chiswe chikudya mizu pansi. Rosemary atatchula za feteleza, Lorna anasintha pang'ono. Anati ndiye kuti malo ofiirawo ndi amene feteleza sanafikepo mokwanira, pakuti chakudya sichingaphe chinthu. Anamulangiza kuti awonjezere pamawanga pomwepo, ndiponso kuti asiye kuthirira madzi, chifukwa madzi a m'paipi nyengo yotentha amaphika udzu.

Rosemary anabwerera m'nyumba asakudziwa ngati vuto linali chiswe, njala kapena madzi. Komabe malangizo anali atapatsidwa, ndipo anawatsata. Anathira dzanja lina pa banga lililonse, n'kukulunga paipi kuibweza m'kanyumba muja.

Pofika Lachitatu mawanga aja anali atakula mpaka ena kugwirana. Anthu odutsa pamsewu ankachepetsa liwiro la njinga. Galimoto ina inaima ndithu, mzungu wa m'katimo n'kutsitsa galasi, kuyang'ana, kenako n'kupitirira. Wilfred pobwera ku ntchito anaima pageti atanyamula chisoti chake, n'kufunsa chimene chachitika. Rosemary anamuuza zonse zitatu, za senta, za chiswe ndi za njala, ndipo pozinena anamva yekha kuti sizikugwirizana.

"Nanga mwa zitatuzi, chenicheni n'chiti, amake Eneles?" anafunsa Wilfred.

"Sindikudziwa," anatero Rosemary. "Aliyense akunena zake, ndipo aliyense akamanena zimamveka zoona."

Wilfred sanakalipe. Anangolowa m'nyumba, n'kukakhala pampando nsapato zili kumapazi. Masiku amenewo nayenso ankayang'anira amuna amene anakumba nawo miyala zaka khumi, ndi azungu awiri amene sankamuyankha akawalankhula, choncho analibe mphamvu zolimbana ndi udzu.

Tsiku lotsatira kunabwera Dora, mnzake wa Rosemary wa ku Wusakile, amene ankaimba naye kwaya ku tchalitchi cha Katolika. Dora sanafune n'komwe kuponda pakapingapo. Anadzera m'mbali, chamumpanda. Ali m'khitchini anatsitsa mawu n'kunena kuti zinthu zoyenda m'mizere chotero si za chilengedwe. Anati ku Wusakile si onse anakondwa ndi kukwezedwa kwa a Daka, ndipo anatchula maina awiri. Analangiza kuti aitane abambo mfumu adzawaze madzi odalitsa, koma asawauze chifukwa chake chenicheni. Rosemary sanakhulupirire kwenikweni, komanso sanathe kutsutsa. Dora atapita, anapezeka akuwerenga mawangawo, osadziwa kuti chiwerengerocho achita nacho chiyani.

Ali mkati mowerenga anamva munthu akuitana kuseri kwa mpanda. Anali mayi wachizungu wa nyumba yoyandikana nayo, wachikulire, wa tsitsi la imvi, amene Rosemary ankangomudziwa kuti ndi Gwen chifukwa chomva mwamuna wake akumuitana. Mayiyo analoza kapingayo n'kulankhula m'Chilapalapa, chinenero chija azungu ankalamulira nacho antchito kumgodi ndi m'makhitchini. Anati, "Faka manzi. Maningi manzi."

Rosemary anamva kutentha kumaso. Mawuwo anawamva bwino, kuti athire madzi ambiri, koma Wilfred anali atanena kuti m'nyumba mwake chinenero chimenecho chisamveke. Choncho anaongoka n'kupereka moni m'Chingelezi chimene anaphunzira kwa masisitere ali mtsikana. Mayi uja anafiira nkhope, anapepesa, n'kuyamba kufotokoza m'Chingelezi chothamanga, manja ali m'mwamba, mawu ambirimbiri otuluka m'mphuno. Rosemary anagwedeza mutu mwaulemu mpaka mapeto, n'kuthokoza. Sanatolepo kanthu. Chimene anatsala nacho n'chakuti mzungu akuti athire madzi, Lorna akuti asathire, Dora akuti madzi ake akhale odalitsa.

Panali munthu mmodzi amene Rosemary ankadziwa kuti angadziwe, koma ankamupewa. A Shadreck Mumba anali bambo wa zaka za m'ma sikisite, kwawo ku Petauke, ndipo ankagwira ntchito ya m'maluwa kwa mayi Gwen. Ku tchalitchi ku Wusakile anali mmodzi wa akuluakulu okhala kutsogolo, ndipo Rosemary powapatsa moni ankagwada. Kuno ankawaona kuseri kwa mpanda atavala ovolosi yong'ambika m'mawondo, akukankha makina otchetchera udzu, akuitanidwa ndi dzina lokha ngati mwana. Kuyambira tsiku limene anasamukira, onse awiri ankachita ngati sakuonana. Rosemary sankadziwa kuti awapatse moni wotani ali pakhonde la nyumba ngati imeneyo, ndipo ankaganiza kuti mwina iwo akuchita manyazi.

Loweruka masana, atawerukako kwa mayi Gwen, a Shadreck anabwera okha. Rosemary anawaona pawindo ataima pageti, atavala jekete lawo la ku tchalitchi pamwamba pa ovolosi. Anayamba kulowera njira ya kukhomo la kutsogolo, anaima, anabwerera n'kuyamba kuzungulira cha kumbuyo, anaimanso. Mapeto ake anangoima pakati pa kapinga n'kunena odi. Rosemary anatuluka mofulumira, anagwada pa udzu wouma uja n'kuwalonjera monga ankachitira ku tchalitchi, ndipo iwo anavula chipewa.

Anakana mpando, anakananso tiyi. Anati akhala akuona zimene zikuchitika kwa milungu iwiri, mtima ukuwapweteka, koma sankadziwa kuti alowere khomo liti. Kenako anamuuza zimene Rosemary sankadziwa: kuti asanapite kwa mayi Gwen anagwira ntchito pa nyumba yomweyi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo kapingayo anadzala ndi iwo, ndi manja awo, chaka cha 1953, mbewu yake atachita kukaitenga pa wilibala ku bwalo la mpira.

Anagwada, anafukula pakati pa banga limodzi, n'kutola timiyala toyera timene tinali tisanasungunuke. Anatiika pachikhatho n'kumuonetsa.

"Mwana wanga, uyu ndi mchere," anatero. "Mwauthira mchere udzuwu, padzuwa, popanda madzi. Wapsa."

Rosemary anati a Mathias ananena kuti ndi chakudya cha mbewu.

"Ndi chakudya, inde."

"Nanga mwati ndi mchere?"

"Ndi mcherenso."

Rosemary anawayang'ana, kudikira kuti apitirize, koma iwo anaona ngati afotokoza mokwanira. Anangowonjezera kuti uyu ndi wa chimanga, ndipo ngakhale chimangacho amachipatsa kachibakuwa kochepa, pambali, mvula ikugwa. Kapinga ali ndi wake wina, wotuwa, amene amamwazidwa mopepuka ngati mmene amafesera mawere. Za senta, za chiswe ndi za anthu a ku Wusakile anangopukusa mutu. Atamva kuti anathiranso kachiwiri, anatseka maso kanthawi.

Apa m'pamene Rosemary anayang'ana mizere ija n'kuona mapazi ake omwe: pamene anatembenukira kumpanda, pamene anadumpha mwala wa mpopi, ngakhale pamene anaima kuti amangenso nsalu n'kutaya wochulukirapo. Anadabwa kuti masiku onsewo ankayang'ana chiyani.

Ntchito inayamba tsiku lomwelo. A Shadreck anamuuza kuti asese kaye timiyala tonse totsala, asanathire dontho limodzi la madzi, ndipo Rosemary anasesa kapinga ndi tsache ngati mmene ankasesera pabwalo ku Wusakile, n'kuwolera m'beseni. Kenako anamuonetsa kusiyanitsa udzu wakufa ndi wokomoka. Ukakoka n'kuzuka wonse mosavuta, mizu ili yakuda, wapita. Ukakanirira, mizu ili yoyera, ulipo. Rosemary anayesa, koma kwa iye wambiri unali pakatikati, wokanirira pang'ono, mizu yotuwa. Akafunsa, a Shadreck ankaugwira n'kunena kuti tiona.

Za madzi ananena motsimikiza. Anati athire m'mawa uliwonse dzuwa lisanakwere, osati kuwaza pamwamba, koma kuisiya paipi pamalo amodzi mpaka madzi alowe pansi ndithu, kuti atsitse mcherewo kupitirira mizu. Anabwereka foloko yokumbira kwa mayi Gwen n'kubayabaya nthaka yonse kuti madziwo apeze njira. Lorna podutsa anaona paipi ikutuluka madzi ndipo anaima n'kunena kuti udzuwo uphikika. Rosemary anayankha kuti wamva, koma paipi sanatseke. Sikuti anali atamvetsa. Anangosankha munthu mmodzi woti amumvere.

Patapita masiku khumi anapala udzu wakufa wonse ndi leki, pakhomo n'kutsala zipazipa za dothi, zonyansa kuposa poyamba. Wilfred ataona anafunsa ngati kumeneku ndiye kuchira. Rosemary anati a Shadreck akuti ndi choncho. Loweruka lotsatira Wilfred yemweyo anavula malaya, n'kuyamba kututa dothi lakuda la m'munsi mwa chulu chimene chinali kuseri kwa nyumba, a Shadreck akumuuza pothira. Poyamba bambowo ankamutchula kuti bwana, Wilfred n'kumawatchula kuti atate, ndipo aliyense ankaoneka womangika ndi dzina limene wapatsidwa. Dzuwa litafika pamutu anali atasiya kutchulana, akungopatsirana fosholo. Anasakaniza dothilo ndi mchenga, anadzaza m'zipazipa muja, n'kudzalamo timitsitsi ta kapinga tozula kumbuyo kwa nyumba, kumene beseni la Rosemary silinafike.

Mvula yoyamba inagwa pakati pa Novembala. Patatha mlungu umodzi Rosemary anaona chinthu china chimene chinamusokonezanso. M'mphepete mwa banga lililonse munamera udzu wobiriwira kwambiri, wamtali kuposa wina wonse, moti pakhomo panadzaza mikombero yobiriwira, pakati pake pali timitsitsi tija tikuyesa kugwira. Anawaitana a Shadreck pampanda n'kuwafunsa ngati ameneyu ndi matenda ena. Iwo anati ayi, ndi feteleza yemwe uja. M'mbali anafikamo wochepa, ndiye udzu wadya n'kukhuta. Rosemary anafunsa kuti ndiye a Mathias sananame? Anati sananame. Nanga a Lorna, amene anati chakudya sichipha? A Shadreck anaganiza kaye, n'kunena kuti pamenepo a Lorna anaphonya, koma pa za chiswe anali ndi mbali, chifukwa chiswe chinalipodi cha kumpanda uko, kungoti sichinali ndi mlandu. Rosemary anasiya kufunsa.

Mikomberoyo inatenga nthawi kuti ithe. Mu Disembala monse aliyense wodutsa ankaionabe, ndipo Dora atabwera anati waona, zinthu zija zasanduka mphete. Koma timitsitsi tija tinayanza, zipazipa zinatsekeka chimodzichimodzi, ndipo pofika kumapeto kwa Januwale munthu ankayenera kudziwa poyang'ana kuti aone pamene panali banga. Pafupi ndi geti pokha, pamene Rosemary anakhuthulira zotsala za m'beseni tsiku loyamba lija, panakana. Anadzalapo katatu, osagwira. A Shadreck anati pamenepo pafunika kukumba dothi lonse n'kuikapo lina, kapena kungodikira chaka.

Mu Febuluwale mayi Gwen ndi mwamuna wake anayamba kulongedza katundu m'mabokosi. Kontirakiti ya bamboyo inali itatha, ndipo ankapita kummwera. A Shadreck anabwera kudzatsanzika Lachinayi m'mawa, atavala jekete lija, ulendo uno opanda ovolosi. Analowera khomo la kutsogolo, ndipo tiyi anamwa. Anati zaka makumi atatu kumigodi kuno ku Copperbelt zakwana, akubwerera ku Petauke, kumene mwana wawo wamkazi anawamangira kanyumba. Rosemary anawauza kuti Wilfred anali wokonzeka kuwalemba ntchito ngati angafune kutsala. Anathokoza, koma anati sizingakhale bwino, ndipo Rosemary anamva mumtima kuti akunena zoona, ngakhale sakanatha kufotokoza chifukwa chake.

Potuluka anaima pakhonde, akuzunguza chipewa m'manja, n'kupempha kanthu kamodzi. Ankafuna timitsitsi tochepa ta kapingayo kuti apite nato kwawo. Rosemary anatenga khasu, anakumba chigamba chabwino cha kumbuyo kwa nyumba pamodzi ndi dothi lake, anachikulunga m'chiguduli chonyowa n'kumanga ndi luzi. Ulendo wa ku Petauke unali wa masiku awiri, sitima mpaka ku Lusaka, kenako basi, ndipo anawakumbutsa kuti azinyowetsa panjira. Iwo anaseka pang'ono, poona kuti tsopano akuphunzitsidwa ndi iye.

"Koma atate, kumudzi mukachita naye chiyani kapinga?" anafunsa Rosemary. "Mbuzi zikangomudya, ndipo madzi n'kutali."

A Shadreck anayang'ana kamtolo kaja kanthawi.

"Sindikudziwa, mwana wanga," anatero. "Ndikaona ndikafika."

Anakapanira m'khwapa, anavala chipewa, n'kutsika njira ya kugeti. Rosemary anawaperekeza mpaka pamsewu. Pobwerera anaona kuti udzu watalikanso, ndipo makina otchetchera a mayi Gwen, amene ankabwereka, anali atalowa kale m'bokosi. Analowa m'nyumba kukafunafuna chikwakwa, asakudziwa ngati kapinga amalola kumwetedwa nacho.